Nyimbo Zogonetsa Mwana mu Foni Yanga

1

Tsiku limene amayi anga anandiomba mbama n'kundifunsa dzina la mwamuna amene wandipatsa mimba, dzina la mwamuna ndinali nalo ndithu pakamwa. Ndinalimeza. Sindinawauze amayi, sindinamuuze namwino amene anandiyeza, ngakhale mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi kusukulu sindinamuuze. Komanso mimbayo ndinalibe.

Kwathu amanditcha Duu. Dzinali anandipatsa ndi azakhali anga, achemwali awo a abambo, ndili wamng'ono, chifukwa mlendo akandipatsa moni ndinkangoti duu ngati ndaona njoka. Ndakula nalo mpaka kumaliza sekondale. Aphunzitsi ankadziwa zolemba zanga, koma mawu anga sankawadziwa.

Nditakhoza mayeso, koleji ina inandilandira kuti ndikaphunzire ntchito ya mu labotale. Panali miyezi yambiri yodikira, ndipo miyezi imeneyo ndinaithera malo awiri: m'chipinda chosokera cha amayi, mmene ndinkawagwirira tepi ndi kutola mapini pansi, ndi mu foni yanga.

Anzanga foni zawo zinali zojambulira milomo. Ine ndinkasakira zinthu. Ndinapeza mbalame ya kudziko lina imene imatsanzira kulira kwa kamera ndi kwa macheka odulira mitengo. Ndinapeza chida choimbira chimene munthu amachiimba osachikhudza, amangoyendetsa manja m'malere, icho n'kumalira ngati mayi wa pamaliro. Ndinapeza makanema akalekale opanda mawu, anthu ake oyenda mothamanga ngati athiridwa madzi otentha. Ndinapezanso kuti m'nyanja muli kanyama kokhala ndi mitima itatu, pamene ine ndikudziwa anthu amene umodzi womwewo ukuwasowa.

Koma chimene ndinkachikonda koposa chinali kuimba kwa anangumi. Asayansi anatsitsa zojambulira mawu pansi pa nyanja n'kujambula zinyama zikuluzikuluzo zikuitanizana. Ndikavala mahedifoni n'kutseka maso, phokoso la makina a amayi linkasowa, ine n'kumamira bwinobwino osanyowa.

Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinawaikira abambo patebulo kuti amve nawo.

Abambo anga amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ali ndi kagalimoto koyera ka chilembo chofiira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kumpando wawo kuli buleki yawoyawo, yopondera wophunzira akalakwitsa. Moyo wonse amauona choncho. Aliyense ndi wophunzira, buleki ili kwa iwo.

"Chikulirachi n'chiyani?" anafunsa.

"Anangumi, abambo. Akuimba."

"Akuimba kapena akutsegula m'mimba?" Anaseka okha mpaka kutsamwa tiyi. "Amake Duu, mwamumva mwana wanu? Bandulo timamugulira ija amamvetserera nsomba zikubuula."

"Si nsomba," ndinatero, koma mawu anathera m'kapu.

"Wati chiyani?"

"Palibe."

"Ameneyo ndiye Duu."

Sabata yomweyo munthu yemweyo anagula foni yatsopano, yaikulu ngati mbale, n'kulephera kuiyambitsa. Anandiponyera pamiyendo. "Tandikonzera ichi, poti ndiwe pulofesa wa nsomba." Ndinawakonzera, ndipo zikomo sanamuwononge pa ine.

2

Malo oonera makanema pa intaneti ali ndi khalidwe la wogulitsa mumsika. Akaona kuti lero wagula tomato, mawa ukamadutsa akuitanira tomato. Tsamba langa linkandidziwa kuposa anthu a m'nyumba mwathu. Ndikatsegula ndinkapeza mapiri ophulika moto, anyamata oimba magitala a zitini, loboti yophunzira kuyenda n'kumagwa ngati chidakwa.

Kenako linayamba kusokonezeka. Pakati pa mapiri ndi maloboti panatulukira mzimayi wa mimba yaikulu atakhalira chimpira, akuphunzitsa kapumidwe. Ndinamudutsa. Mawa lake anabwera ndi anzake: zakudya za mayi woyembekezera, kagonedwe ka mayi woyembekezera, mayina okongola a ana aamuna. Patapita nthawi azimayi a mimba aja anachepa, m'malo mwawo munadzaza makanda. Kusambitsa khanda. Kugeyetsa khanda. Nyimbo zogonetsa mwana, zija za kabelu kolira pang'onopang'ono, mwezi wojambula ukumwetulira pagalasi.

Ndinkaganiza kuti foni yagwidwa matenda. Ndinaizimitsa, ndinaiyatsa, ndinaigwedeza ngati wotchi yakale. Inde, ine amene, wopita ku labotale.

Masana ena ndili ndekha kuchipinda ndinadziwa chifukwa chake. Ndikuuzani, musandithamangitse. Pano dziwani kuti nditadziwa ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kukasanza. M'mawa mwake nditaona anthu atakhala patebulo bwinobwino, akupaka majarini pabuledi n'kumapatsirana shuga, ndinakasanzanso. Chakudya chinasiya kulowa. Ndinayamba kuvala juzi lalikulu dzuwa likuswa mtengo, chifukwa ndinkangomva kuzizidwa.

Amayi ankandiyang'ana cham'mbali, mapini ali kukamwa.

Tsiku lake linafika chifukwa cha khosi la diresi. Kasitomala wina ankafotokoza kasokedwe kamene anakaona pa intaneti, akujambula m'malere ndi zala, amayi osamva.

"Duu, tabweretsa foni yakoyo tione chimene akunena mayiwa."

Ndinapereka. Ndikanatani? Amayi anatsegula, chala chawo chinayenda kamodzi, kawiri, n'kuima. Kenako chinagunda penapake mwangozi, kabelu kaja n'kuyamba kulira m'chipinda monse.

"Iii, muli ndi mdzukulu?" anafunsa kasitomala uja akumwetulira.

"Ayi, ndi zotsatsa malonda izi," anatero amayi. Anamuyeza mapewa, anamuyeza chiuno, anamuperekeza mpaka pageti akuseka naye. Atabwerera anatseka chitseko, anachotsa mapini kukamwa n'kuwabaya pakapilo kake limodzilimodzi. Mbama inabwera pambuyo pa pini lomaliza.

"Ndi ya ndani?"

Khutu linkalira.

"Ndikufunsa mwamunayo. Dzina."

"Amayi, ine..."

"Iwe chiyani? Kusanza kuja ndimati malungo. Juzi limeneli ndimati fashoni. Ine ndikukusokera mabulauzi a ku koleji, iwe uli pakona kusankha mayina a ana aamuna? Lankhula."

Ndinayang'ana pansi. Panali pini limodzi pafupi ndi mwendo wa makina. Ndinawerama n'kulitola.

3

Azakhali anafika mawa lake masana, atatseka sitolo yawo ya mabeseni ndi ndowa za pulasitiki imene ili ku tauni ina. Paukwati wa munthu amachedwa, koma pa manyazi a munthu basi yoyamba imakhala yawo. Banja lawo linatha kawiri, komabe uphungu wa mabanja a anzawo amayenda nawo wodzaza chikwama.

"Ndinanena ine, alamu," anayamba asanakhale n'komwe. "Mwana wolongolola umamumva kumene ali. Ofatsawa ndi amene amakuotchera nyumba uli momwemo. Taimirira iwe. Tembenuka. Vula juzilo."

Ndinavula. Anandiyang'ana pamimba ngati akugula mbuzi.

"Sinatuluke. Zoyamba zimabisala kumsana."

Abambo anali pampando wawo waukulu, mwendo pamwamba pa unzake, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala.

"Ine za foni imeneyi ndinachenjeza kalekale," anatero. "Anayamba ndi nsomba. Munthu ukamulekerera pa giya yoyamba, umadzamupeza ali m'ngalande."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawayang'ana abambo m'maso osaphethira. Iwo anaona ngati ndi mwano chabe.

"Taonani mmene akundiyang'anira. Achemwali, tawerengani zimene zili m'menemo, timve tonse."

Azakhali anavala magalasi, foni ataigwira patali ngati ikununkha. Ankawerenga mokweza, liwu lililonse akulitafuna. Kapumidwe ka mayi pobereka. Mafuta abwino odzoza khanda. Nyimbo zogonetsa mwana wovuta kugona. Atafika pa mayina okongola a ana aamuna, makiyi aja anasiya kuzungulira.

"Basi, zakwana," anatero abambo. "Bweretsani kuno foniyo. Ndiisunga ine."

"Dikirani kaye achimwene, zilipo zambiri."

"Ndati bweretsani."

Analowa nayo kuchipinda, ndipo anakhalitsako.

Ku chipatala tinapita atatu, ine pakati ngati wakuba. Namwino anali mayi wamfupi wosakonda zocheza. Anandiyeza, anatidikiritsa pabenchi, kenako anatiitana.

"Mwanayu alibe mimba."

Amayi anapumira m'mwamba, dzanja pachifuwa. Azakhali sanachedwe.

"Ndiye kuti wachotsa."

"Mayi, ndanena kuti alibe, ndipo palibe chosonyeza kuti anakhalapo nayo. Tatulukani kaye nonse awiri."

Titatsala awiri anakhala pampando wake n'kundiyang'ana. "Waonda iwe. Pali amene akukuvutitsa kunyumba?"

Ndinapukusa mutu.

"Ukutsimikiza?"

Ndinagwedeza mutu. Mutu wanga unkagwira ntchito kwambiri masiku amenewo.

Panja azakhali anali atamanga kale mlandu watsopano. "Anamwino a masiku ano amabisirana ndi anawa, alamu. Ndipo kaya ilipo kaya palibe, munthu saphunzira kusambitsa khanda alibe pulani. Mwamuna alipo. Ngati sinalowe lero ilowa mawa."

Amayi anandiyang'ana, akudikira kuti nditsutse. Akanangomva liwu limodzi lokha, ndikukhulupirira akanaima nane. Ine ndinkawerenga chikwangwani cha katemera pakhoma.

Sabata imeneyo ntchito inachuluka m'chipinda chosokera kuposa nthawi ya mayunifolomu. Azimayi a mumsewu mwathu ankabwera ndi zovala zosang'ambika, wina batani limodzi, wina zipi yoyenda bwinobwino. Moni ankapereka kwa amayi, maso ali pamimba panga. Wina mpaka anandibweretsera malalanje, ati amathandiza mseru.

4

Loweruka m'mawa abambo anati ndikwere galimoto, akufuna kulankhula nane ngati kholo. Amayi anayamikira. Anati mwina kwa bambo ake atsegula pakamwa.

Anayendetsa mpaka pabwalo lafumbi limene amaphunzitsirapo anthu kubwerera m'mbuyo pakati pa migolo. Panalibe munthu. Anazimitsa injini, mawindo osatsitsa.

"Unaona chiyani?"

Tsopano ndikuuzeni.

Tsiku lija ankandiponyera foni yawo yatsopano, foniyo inafuna akaunti. Abambo analibe, ndipo nditawafunsa anandikalipira kuti za kubanki sizikundikhudza. Pofuna kuthana nazo msanga ndinangolowetsamo yanga. Kuyambira tsiku limenelo foni ziwirizo zinali ngati nyumba imodzi ya makomo awiri. Chimene munthu waonera uko, tsamba langa linkachiphunzira kuno. Ndipo chithunzi kapena kanema wojambulidwa pa foni yawo ankakasungidwa malo omwewo a pa intaneti amene ndinkasungira zanga. Abambo sakonda kujambula, ndiye kwa nthawi yaitali sikunabwere kanthu. Masana aja kunabwera kanema mmodzi.

Chipinda cha makatani obiriwira. Abambo anga ali pa vesiti, nsapato atavula, atanyamula khanda paphewa. Wojambula anali mzimayi, ankamveka kuseka. Mwana ankalira, ndipo abambo anatukula milomo n'kuyamba kubuula motalika, uuuu, kukwera, kutsika.

"Ndiye chiyaninso chimenecho?" anafunsa mzimayiyo.

"Nsomba za mchemwali wake. Amamvetsera zimenezi tsiku lonse."

"Uja wosalankhula uja?"

"Yemweyo. Chipupa chimayankhako bwino. Koma uyu," anamukweza mwanayo m'mwamba, "uyu ndiye munthu. Tamvani mawuwo."

Kenako mzimayiyo anatembenuza foni kuti aonekemo nawo, ndipo ndinamudziwa. Miyezi ingapo m'mbuyomo abambo anabwera naye okha kwathu. Anati ndi wophunzira wawo, mwamuna wake ali kunja kwa dziko, akusowa telala wabwino wa madiresi a mimba. Amayi anamulandira ndi tiyi. Tepi ya pamimba pake ndinagwira ndine. Nsalu yake inali yachikasu ya timaluwa toyera, ndipo itatsalako amayi anasoka kamalaya ka khanda n'kumupatsa ngati mphatso, ati mwana woyamba amafunika kulandiridwa. Mu kanemamo khandalo linali litavala kamalaya komweko.

Ndiye abambo atandifunsa kuti ndinaona chiyani, ndinayankha liwu limodzi.

"Zonse."

"Zonse zake ziti?" Anatulutsa foni yanga m'thumba n'kuiika pamwamba pa giya. "Tsegula undionetse."

Ndinatsegula. Inali yoyera ngati yongotuluka m'sitolo. Anali atapita nayo kwa okonza mafoni. Kanema uja kunalibe. Mbalame yanga, makanema anga akale, anangumi, zonse zimene ndinatola miyezi yonseyo, kunalibe. Anailanda n'kuibweza m'thumba.

"Mvetsera, Duu. Ndiwe wamkulu tsopano. Amayi ako ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, umadziwa. Mapilitsi aja samwa chifukwa chokoma. Ukakawauza zopusa n'kugwa pamakina paja, wapha ndiwe. Udzakhala nazo moyo wako wonse."

"Ndiye muwauze kuti ndilibe mlandu."

Mawu ambiri chotero kwa abambo ndinali ndisanalankhulepo. Iwonso anadabwa, anandiyang'ana ngati galimoto yalankhula.

"Ndiwauze kuti ndadziwa bwanji? Nkhani zimazizira zokha, mwana wanga. Anthu amaiwala. Iwe ungopitiriza zimene umachita bwino."

"Ziti?"

"Kukhala chete."

Analiza injini. Pobwerera anaima pasitolo n'kundigulira yogati. Ndinaigwira m'manja mpaka kunyumba, inafika yofunda.

"Wanena?" anafunsa amayi pakhomo.

"Wouma mutu ameneyu," anatero abambo, akupukuta nsapato pachopondera. "Koma ndayesetsa."

5

Chigamulo chinabwera patebulo, pakati pa tiyi. Abambo anati aganiza mofatsa monga mutu wa banja. Koleji ili kutali, ku hositelo kulibe woyang'anira, ndipo mwana amene wayamba kale kuphunzira za makanda sangatumizidwe kumalo otero. Ndipite kaye kwa azakhali, ndikathandize kugulitsa mabeseni, foni ndisakhale nayo, mpaka mutu utabwerera m'malo.

"Nanga malo akewo?" anafunsa amayi. "Akuti akapanda kufika tsiku lotsegulira amapatsa wina."

"Koleji siithawa. Ilipo chaka chamawa, ilipo chaka chinacho."

"Kwa ine akawongoka," anatero azakhali. "Ine mwana ndimamuwongola ngati waya."

Ana awo awiri a azakhaliwo anathawa pakhomo asanamalize sukulu, koma patebulopo panalibe wofuna kukumbutsa.

Ndikudziwa zimene mukuganiza inu owerenga. Mukuti mtsikana wopusa, bwanji osangonena? Nyozani, nanenso ndinadzinyoza mokwanira. Koma ndikufunseni. Si inu nomwe mumati mukaona mwana wosayankha mumamuyamikira kuti ndi waulemu? Mumamuloza kwa ana anu olongolola, mumati taonani mnzanu. Ine ndinaleredwa ndi mayamiko amenewo mpaka ndinakhulupirira kuti kutseka pakamwa ndi luso. Sindinkadziwa kuti mwana wachete amakondedwa mmene anthu amakondera dzala la kuseri kwa nyumba. Chilichonse chonunkha amakataya kumeneko, podziwa kuti silidzabwera pakhomo kudzadandaula. Abambo anga sanandisankhe chifukwa chodana nane. Anangoyang'ana m'nyumba monse kufuna poika katundu wawo, n'kupeza kuti malo opanda phokoso ndine. Ngati muli naye mwana wotere kwanu, musamanyadire kuti savuta. Mufunseni chimene wanyamula, ndipo akapukusa mutu mufunsenso.

Ineyo wondifunsanso panalibe. Ndinalongedza chikwama. Mabulauzi a ku koleji amayi anawachotsamo, anati kogulitsa mabeseni safunika.

6

M'mawa wa ulendo abambo anaimika galimoto pageti kuti atiperekeze kokwerera basi. Azakhali anali atakhala kale kutsogolo, lamba atamanga, chikwama pamiyendo. Ine ndinalowa m'chipinda chosokera kukatsanzika.

Amayi anali pamakina, akumalizitsa mpendero wa diresi limene anandisokera, lalitali, lotakasuka, la mtundu wa fumbi. Diresi loti mwamuna akaliona aziyang'ana kumbali. Maso awo anali otupa. Mapilitsi awo anali pawindo pafupi ndi kapu ya madzi.

Hutala inalira panja.

"Ndatsala pang'ono," anatero amayi, osadzutsa mutu. Anadula ulusi ndi mano. "Ukafika uzimvera azakhali ako. Akakunyoza usayankhe."

"Chabwino, amayi."

Anapinda diresi lija pamiyendo, kenako manja awo anangoima pamwamba pake.

"Ndakhala ndikudzifunsa, Duu. Mwina ndi makinawa. Mwina ndinkayang'ana kwambiri nsalu za anthu, mwana wanga akukula kumbuyo kwanga osamuona. Bambo ako akuti ndine ndinakulekerera, ndipo ndikaganiza bwino akunena zoona. Dzulo ndinawapepesa."

"Munawapepesa?"

"Ndinagwada. Munthu amatuluka m'mawa, ngakhale chakudya cha masana sabwera kudzadya chifukwa cha ntchito, kuti iwe uphunzire. Ine wokhala pakhomo n'kulephera kuyang'anira mwana mmodzi yekha."

Mbama ija ndinaipirira. Malalanje aja ndinawapirira. Ngakhale mabeseni ndikanawapirira. Koma ndinaona m'maganizo amayi anga atagwada pasimenti, munthu wa vesiti uja atakhala pabedi akuwakhululukira, ndipo china chake chinakwera kuchokera m'mimba. Ndinaganiza kuti ndisanzanso. Sanali masanzi.

"Amayi, imwani kaye mapilitsi anu."

"Ndamwa kale. Bwanji?"

Ndinaika chikwama pansi. Ndinagwira tebulo lodulira nsalu.

"Makanema aja sindinkaonera ine. Foni ya abambo ndinailowetsa pa akaunti yanga. Zimene zinkaoneredwa pa foni yawo zinkatulukira pa yanga."

Amayi anakwinya nkhope. "Bambo ako aziphunzira kusambitsa khanda? Usandipusitse, iwe."

"Si iwo ankaonera. Ndi mayi uja anabwera naye kuno, wa nsalu yachikasu. Mwamuna wake sali kunja kwa dziko. Ali pageti, akuliza hutala."

Hutala inaliradi, kawiri, motalika.

Amayi sanagwe. Ndinawayang'anitsitsa, ndikudikira kuti agwe monga ndinauzidwira, koma anangokhala mowongoka, manja ali padiresi.

"Unaona ndi maso ako?"

"Kanema. Anamufufuta atandilanda foni. Mwanayo ndi wamwamuna. Anavala kamalaya kaja munasoka ndi nsalu yotsala."

"Ka mabatani kumsana," anatero amayi motsitsa, ngati akulankhula ndi makina. "Bambo ako anabwera okha kudzakatenga. Anati akamupatsira ku sukulu yawo ya galimoto."

Kenako anandiyang'ana tsaya limene anandimenya lija, ngakhale kuti chizindikiro chinali chitatha kalekale.

"Loweruka lija anakutenga pa galimoto, ankadziwa?"

"Ankadziwa. Anati ndikakuuzani mufa, ndipo ndikhala ndakuphani ndine."

"Ndiye ine ndagwadira..." Sanamalize. Anatenga diresi la fumbi lija n'kuliponya m'dengu la zidutswa. "Bweza chikwamacho kuchipinda. Mabulauzi ako ali m'kabati, pansi pa mashiti a bedi."

Ndisanasunthe, chitseko chinatseguka. Abambo analowa makiyi ali pachala, azakhali ali pambuyo pawo akupukusa mutu.

"Kodi mukusoka diresi kapena tenti? Basi itisiya. Iwe, nyamula chikwamacho."

"Sapita," anatero amayi.

"Mwati bwanji?"

"Mwanayu ali ndi mawu. Khalani pansi, alamu, inu mumakonda nkhani." Anatembenukira kwa ine. "Bwereza zimene wandiuza. Usayang'ane pansi, mapini ndatola kale."

Abambo anandiyang'ana ndi diso lija amayang'anira wophunzira amene walowera kolakwika. Phazi lawo lamanja linagunda pasimenti ngati akuponda buleki yawo ija. Mawu anga atatuluka anali aakulu kuposa mmene ndinkaganizira, moti mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasiya kusesa.

"Abambo, muli ndi mwana wamwamuna kwa wophunzira wanu uja. Ndinakuonani mutamunyamula. Mimba imene mwandizunzira masiku onsewa inali yanu."